Mawu Amene Munalibe mu Filimu

Pa Nsaru, mukadutsa pamene amagulitsa matumba ndi zingwe, kuseri kwa golosale ya mkazi wake, pali chinyumba cha malata chopanda mawindo chomwe Abasi amaonetseramo mafilimu. Muli mabenchi khumi ndi awiri, sikirini imodzi ndi mayiki yomanga ndi mphira. Ntchito yake ndi yomasulira. Azungu kapena Amwenye kapena Matchaina akamayankhula pa sikirini, iye amatsitsa mawu awo n'kuikapo ake, m'Chichewa, pompopompo. Mafoni anadya malonda a anzake onse, koma kwa iye anthu amabwerabe, poti foni singakutchule dzina pakati pa filimu n'kukufunsa ngati wasamba.

Tisanamizane, Chingerezi cha Abasi n'cha Fomu 1, teremu yachiwiri. Chitchaina ndiye sadziwa ngakhale moni. Koma zaka makumi awiri pa ntchitoyi zinamuphunzitsa chinthu chimodzi, kuyang'ana milomo. Mlomo ukatseguka, iwe yankhula. Ukatsekeka, iwe maliza. Zimene ukunenazo zilibe kanthu, bola zigwirizane ndi nkhope. Msilikali wolira maliro a mnzake, Abasi amatha kumuliritsa mtengo wa feteleza, anthu n'kufa nalo phwete. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo za m'maluwazo ndi zomwe zinamumangira Abasi nyumba ya njerwa zootcha.

Koma munthu woseketsa msika wonseyu anali atalephera pa mwana wake yemwe. Samira, mwana wake wachisamba, wa Fomu 3, mtsikana amene kale ankakangana ndi wailesi, anayamba kuzima pang'onopang'ono chithereni Ramadani. Poyamba anasiya netiboli. Kenako anasiya kupesa. Kenako m'mawa wina anavala yunifomu, n'kukhala pabedi ndi nsapato imodzi kuphazi, ndipo amake anamupeza masana ali pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo kusukulu sanapondekonso. Ankagona usana, kudya kongolawa, ndipo ukamufunsa chomwe chikumupweteka ankangoti, "Palibe."

Aliyense anali ndi tanthauzo lake. Amake, Rabia, ankati ndi majini. Ashehe anabwera, anapemphera, ndipo potuluka anati akamuonetsenso kuchipatala. Kumeneko anamuyeza malungo, osapezeka. Amayi a pamjigo anati ndi mimba, mpaka miyezi inawachititsa manyazi. Abasi ankati ndi mwano wosakaniza ndi ulesi, mwinanso alipo wina akumuzunguza mutu. Anakalipa, ananyengerera, anamulanda foni, anamubwezera foni. Atatopa anaimbira mlongo wake Anusa ku Mangochi, mayi wa dzanja lolimba amene pakhomo pake mwana salira kawiri. Anagwirizana kuti Lolemba Samira akwere minibasi, za sukulu zithere pomwepo, akatsuke mbale mu lesitilanti ya azakhali ake mpaka mutu uwongoke. Chikwama chinali chitapakiridwa kale. Abasi ankadziuza kuti akupulumutsa mwana, koma mumtima ankadziwa kuti watopa kumuona ali choncho.

Lachitatu la sabata imeneyo anatumiza fulashi kwa Hudson, yemwe amathirira anthu mafilimu m'tauni, kuti amuikire filimu yoopsa ya Loweruka, tsiku lomwe holo imadzaza. Hudson, waulesi ngati mphaka wa m'lesitilanti, anangoona chithunzi cha mtsikana wa maso ofiira ataima pakhomo lamdima, basi n'kuthira. Naye Abasi sanayambe waonera. Anatenga choko n'kulemba pabolodi la panja: LOWERUKA, MTSIKANA WA MAJINI ASANU NDI AWIRI. AMANTHA KHALANI KUNYUMBA.

Lachinayi m'mawa anadzitsekera m'holo kuti aidziwe filimuyo. Anadikira jini. Mphindi makumi awiri, jini osabwera. Mtsikana wachizungu kumangokhala m'chipinda, maso kukhoma. Chitseko chinalira, Abasi anakhala tsonga kuti eya, lafika; analowa mayi ake a mtsikanayo ndi kapu ya tiyi. Mphindi makumi anayi, palibe wouluka, palibe wosanza njoka, palibe ngakhale wothamangitsidwa ndi galu. Kenako mtsikanayo anayamba kupita kwa mayi wina wa magalasi, awiriwo n'kukhala pamipando yoyang'anizana, kumangoyankhula. Kuyankhula, kusiya, kuyankhulanso.

"Hudson wandipha," anadandaula Abasi.

Bodza limafuna pogwira. Anthu akumenyana, ungawanamizire chilichonse. Koma anthu awiri ongokhala pampando kwa ola lathunthu, ngakhale Abasi sakanawapezera zonena popanda kudziwa fupa la nkhani. Ndipo pakhomopo wodziwa Chingerezi chenicheni anali mmodzi yekha.

"Musiyeni mwana agone, bambo a Samira," anatero Rabia ali pasikelo yoyezera shuga.

"Agone mpaka Lolemba? Fizi yonse ija, lero igwireko ntchito."

Samira anabwera atadzifunditsa chitenje mpaka kumutu ngati wopita kumaliro. Anakhala kumapeto kwa benchi yakutsogolo, kusiya malo a anthu atatu pakati pa iye ndi bambo ake. Abasi anabweza filimu kuchiyambi n'kukweza mawu.

"Uzingondiuza zomwe akunena. Zokometsera ndiika ndekha."

Mwanayo anayamba. Mawu ake anali otsika, osakwera osatsika, ngati wowerenga mndandanda wa katundu. Akuti wagona bwanji. Akuti sindikufuna tiyi. Akuti aphunzitsi aimba foni. Abasi anayesa kuponyamo zake, kuti tiyiyo mwina ndi wopanda shuga, mayi ameneyu akuoneka woumira. Samira sanaseke.

"Nanga jini lili pati?"

"Mulibe jini, ababa."

"Ndiye wamulodza ndani? Mayi wa magalasiyo?"

"Ameneyo ndi dokotala. Palibe wamulodza. Akudwala."

"Akudwala chiyani munthu woyenda ndi miyendo yake, wopanda ndi chifuwa chomwe?"

"Matenda a maganizo."

Abasi anaseka mpaka kumenya benchi. "Matenda a anthu okhuta amenewo. Bedi yakeyake, magetsi osazima, tiyi kumutsatira kuchipinda. Atabwera kuno amupatse khasu mizere makumi asanu, maganizowo angatuluke ndi thukuta."

Samira anakoka chitenje n'kubisa chibwano. Lero Abasi akakumbukira mawu amenewo amangogwira pakamwa. Koma tsiku limenelo anaona ngati wanena zanzeru, ndipo anati, "Tiye, pitiriza."

Anafika pamene mtsikana uja wakhala kwa dokotala kachitatu. Mtsikanayo ananena timawu tochepa, mwina tisanu, n'kutembenukira pawindo. Kunja kunkagwa chipale choyera chija cha kwawoko.

"Akuti kukamacha amamva ngati wina wamusanjika thumba la chimanga pachifuwa," anatero Samira. "Akuti amamva anthu onse akudzuka, akusesa, akutsegula golosale, iye kumangopempha kuti kunja kudenso."

Thumba la chimanga. Abasi anatsala pang'ono kumuyamikira kuti mwana wa mmisiri ndi mmisiri, waphunzira kale kubweretsa nkhani kumudzi. Anatsegula pakamwa, ndipo mwa chizolowezi maso ake anapita pa milomo ya mtsikana wa pa sikirini. Inali yotseka.

"Akuti si ulesi. Akuti amafuna kudzuka. Amauuza mwendo kuti tsika, mwendo osatsika. Akuti akatsegula buku, mawu amawaona koma salowa, ndipo amachita manyazi chifukwa kale ankakhala nambala wani."

Milomo ija inali chitsekere. Dokotala naye anali duu, cholembera m'manja. M'sipika munkangomveka wotchi ya pakhoma. Abasi akhoza kunamizidwa pa Chingerezi, koma osati pa ichi. Zaka makumi awiri wakhala akuika mawu ake m'kamwa mwa anthu ena, ndipo ankadziwa bwino lomwe womasulira akasiya filimu n'kuyamba zake.

Chala chake chinali pa batani loimitsira. Sanadinde. Anadziwa kuti filimu ikaima, mwananso aima, ndipo akangomuyang'ana kumaso amva "Palibe" uja. Choncho anayang'anabe kutsogolo, ngati munthu amene akungofuna fupa la nkhani.

"Akuti m'mutu mwake muli mawu amene sagona," anapitiriza Samira, naye maso ali pa sikirini. "Si jini. Ndi mawu ake omwe. Amamuuza kuti ndiwe mtolo, ndiwe chitonzo, nyumba ino ingapume utachoka. Akuti akamva bambo ake akuseketsa anthu kuseri kwa khoma amakhulupirira kuti mawuwo akunena zoona, chifukwa bambo akewo amaseka kulikonse kupatula pamene pali iye."

Mu filimuyo munalibe bambo. Abasi anali ataionera kale mpaka pakati, ndipo mwamuna yekha amene anaonekamo anali woyendetsa basi.

Chithunzi chinasintha. Mtsikana uja anali panjira, nyimbo ikulira, ndipo Samira anatseka pakamwa. Abasi anakhosomola kuti mawu atuluke bwino.

"Pamenepa sindinamvetse. Tibwereze."

Anabweza mpaka pawindo paja, pamene mtsikanayo amakhala chete kwa nthawi yaitali. Samira sanatsutse.

"Kodi mtsikanayu," anatero Abasi pang'onopang'ono, "ndamva ngati kwawo akufuna kumutumiza kutali, eti? Za ulendowo akuti bwanji?"

Wotchi ya m'sipika inagunda kambirimbiri. Kunja wina ankaitanira tomato.

"Akuti ulendowo safika nawo."

"Safika nawo bwanji?"

"Akuti anakonza kale. Anatenga kabotolo m'golosale, pashelefu yapamwamba, pamene amaika zoti ana asafikire. Akuti akungodikira Lamulungu, amake akapita kuchinkhoswe."

Rabia analidi ndi chinkhoswe cha mwana wa mnzake ku Nambuma Lamulungu limenelo. Abasi anafuna kukuwa. Anafuna kumugwira mapewa n'kumugwedeza, kumufunsa ngati wapenga, ngati sakuopa Mulungu, ngati sakuwamvera chisoni amake. Mawu onsewo anafika pakhosi nthawi imodzi, ndipo munthu amene sanasungepo mawu m'kamwa chibadwire anawameza onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi cha pawindo chinatha, iye anabwezanso kachitatu.

"Tamufunse," anatero. "Iyeyo akufunadi kufa?"

"Akuti sakudziwa." Mawu a Samira anayamba kusweka. "Akuti akufuna mawu aja asiye. Akuti anayesa kupemphera, anayesa kugona, anayesa kudzimenya mbama. Akuti watopa. Ndatopa, ababa."

Abasi anaika rimoti pansi. Sanadumphe malo a anthu atatu aja nthawi imodzi. Anasendera pang'ono, n'kusenderanso, ngati munthu wofuna kugwira nkhuku yothyoka phiko.

"Umuuze mtsikanayo kuti bambo ake ndi chitsiru," anatero. "Chitsiru cha pakamwa ponyowa, chomva za anthu a m'mafilimu koma chogontha m'nyumba mwake." Kenako anasiya zozungulira. "Samira, mwana wanga, ulendo kulibe. Wamva? Supita kulikonse. Sindiwe mtolo. Wadwala, ndipo ine sindinadziwe. Undikhululukire."

Mwanayo anagwetsa mutu pamiyendo ya bambo ake n'kulira kulira kwenikweni, kwa mamina ndi kubuula, kumene sanalire miyezi yonse ija. Abasi anaika dzanja pamsana pake ndipo anamva mafupa. Anali asanadziwe kuti mwana waonda chotere, munthu wogona naye nyumba imodzi. Nayenso analira, osabisa. Pa sikirini filimu inkapitirira yokha, popanda woimasulira.

Kulira kutachepa anafunsa, "Kabotoloko kali kuti?"

"M'chikwama cha ulendo. Mkati mwa sokosi."

"Tiye tonse tikatenge."

Sanafune kumusiya yekha ngakhale kwa mphindi imodzi. Anatuluka padzuwa atagwirana dzanja, bambo ndi mwana wamkulu kale, anthu a pamsika akuyang'ana. Rabia anawaona akudutsa kuseri kwa golosale, anasiya kasitomala ndi sopo m'manja n'kuwatsatira. M'chipinda Samira anagwada, anatsegula chikwama yekha, anatulutsa sokosi ija n'kuipereka ndi manja awiri, monga mwana amaperekera chinthu kwa wamkulu. Abasi anakataya zonse m'chimbudzi chokumba, sokosi ndi kabotolo komwe. Pobwerera anakhala pansi pafupi ndi thandala la mbale kwa kanthawi.

Rabia sanakuwe. Mayi amene amakalipira ntchentche yotera pa shuga anangogwira pakamwa, kenako n'kumukumbatira mwana wake n'kumamugwedeza ngati wakhanda. Golosale inatsekedwa dzuwa lili paliwombo, ndipo madzulo ake shelefu yapamwamba ija inali yopanda kanthu, katundu wake atatsekeredwa m'bokosi la loko.

Abasi anaimbira Anusa. Ankayembekeza mkangano, chifukwa mlongo wakeyo sakonda mapulani osinthasintha.

"Mwana sabwera. Wadwala."

"Wadwala chiyani?"

"Matenda a maganizo." Mawuwo anali olemera pa lilime, poti m'mawa womwewo anali atawaseka.

Anusa anati, "Achimwene, inu munali wamng'ono. Amayi athu anakhalapo chaka chathunthu m'nyumba osatuluka, atabadwa mng'ono wanu Amini. Anthu ankati ndi kunyada. Ine ndinkawaphikira, ndikudziwa kuti sikunali kunyada." Kenako anati, "Lolemba minibasi ndikwera ndine."

Atabwera kumzikiti masana, Abasi anapeza Samira atakhala pakhonde ndi amake. Anamufunsa mwaulemu, ngati akupempha kwa munthu wamkulu, ngati angamumalizire filimu ija, tsopano zenizeni zokhazokha. Ankafuna kudziwa kuti mtsikana uja anathera pati. Analowa atatu, Rabia pakati, ndipo Samira anamasulira mpaka kumapeto, milomo ikatseguka iye kuyankhula, ikatsekeka iye kusiya. Mtsikanayo anagonekedwa m'chipatala masiku angapo. Anayamba kumwa mankhwala, anawasiya, anayambiranso. Anakangana ndi dokotala, anabwererako. Pomaliza anangooneka akumanga zingwe za nsapato n'kutuluka pakhomo, basi mayina n'kuyamba kukwera.

"Yathera pomwepa?" anadabwa Abasi. "Wachira kapena sanachire?"

"Akuchira. Sizitha tsiku limodzi."

"Nanga analakwa chiyani kuti adwale? Sanatiuze."

"Palibe chomwe analakwa, ababa. Dokotala anati nthawi zina pamakhala chifukwa, nthawi zina zimangobwera, ngati shuga kapena BP."

Abasi anagwedeza mutu. Akanakhala iye wolemba, akanaikamo mfiti imodzi yoti anthu aigende pamapeto, aliyense apite kwawo mtima uli m'malo. Koma anaona kuti filimuyo inakana dala kupereka munthu woti aimbidwe mlandu, ndipo anachita manyazi pokumbukira kuti miyezi yonseyi iye anali atamupeza woimbidwa mlanduyo m'nyumba mwake.

"Kodi kuno aliko amayi a magalasi oterewa?"

"Aphunzitsi anatiuzapo kuti kuchipatala aliko anamwino a matenda a maganizo. Umangofunika kunena chomwe wabwerera."

"Mawa m'mawa," anatero Rabia. Sikunali kufunsa.

Papita chaka ndi miyezi tsopano. Samira anabwereza Fomu 3, ndipo panopa ali Fomu 4. Amamwa mankhwala ake, amapita kukaonana ndi anamwino pa tsiku lomwe amulembera, ndipo masiku ena kumachabe moipa. Zikatero amanena, amake n'kukhala naye, bambo ake n'kutsitsa sipika. Bolodi lija Abasi analifufuta ndi malaya ake tsiku lomwelo, ndipo Loweruka anaonetsa ya karate yakalekale, anthu n'kudandaula kuti awabera majini awo.

Mukamupeza atakhala pakhomo pa holo yake n'kumufunsa za nkhaniyi, konzekani kuchedwa, chifukwa munthuyu kuthokoza kwake sikutha. Amathokoza Mulungu poyamba, Alihamudulila katatu. Amathokoza Hudson chifukwa cha ulesi wake, ndipo Hudsonyo mpaka lero sadziwa chomwe analandirira nkhuku. Amathokoza Chingerezi chake choperewera, poti akanakhala wophunzira akanaonera yekha filimuyo, mwana ali chigonere kuchipinda ndi chikwama chake. Amathokozanso mtsikana wachizungu uja, amene dzina lake salidziwa ndipo sadzakumana naye, chifukwa chotseka pakamwa nthawi yaitali chotere. "Akanakhala wolongolola ngati ine," amatero, "mwana wanga akanalowera pati?" Akafika pa masiku atatu amene anatsala kuti Lamulungu lifike, amasiya kuyankhula n'kuyang'ana kumsewu.

Koma chimene amachisunga kwambiri ndi Lachisanu lija. Anakwera njinga zamoto ziwiri, Samira ndi amake pa imodzi, iye pa inayo, fumbi lili kobo. Kuchipatala anapeza mzere wautali, amayi a ana kumsana, agogo a ndodo, bambo wina atamanga dzanja ndi nsanza. Anakhala pabenchi maola awiri. Nthawi yonseyo Abasi ankakonza m'mutu momwe akafotokozere. Ayambira pa Ramadani, adutsa pa nsapato imodzi ija, za kabotolo akazinena mozungulira kuti mwana asachite manyazi. Anali atasankha kale ndi mawu oyambira, okoma bwino.

Namwino anatulukira pakhomo, mayi wamfupi wa imvi zochepa, buku la chipatala la Samira lili m'manja. Anaitana dzina. Abasi anadzuka msanga kuposa mwini dzina.

"Amayi, mwanayu vuto lake ndi lakuti..."

Samira anamugwira mkono. Sanakoke, anangogwira.

"Ababa, lowani nawo. Koma musandimasulire. Ndinena ndekha."

Analowa. Rabia anakhala pafupi ndi mwana, Abasi pa kampando ka kuchitseko, chipewa pabondo, manja pakati pa miyendo. Namwino anatseka chitseko, anakhala pansi, n'kufunsa mofatsa kuti, "Tandiuza, Samira, chakubweretsa n'chiyani?"

Panakhala chete. Chete wautali, wa mtundu umene pa ntchito yake Abasi sanaulolepo kufika masekondi atatu. Lilime linamuyabwa. Analuma mlomo n'kuyang'ana simenti.

Samira anachotsa chitenje kumutu n'kuchiika pamiyendo.

"Amayi, ndakhala ndikuganiza zodzipha," anatero. "Koma ndabwera. Awa ndi mayi anga, awo ndi bambo anga. Akudziwa."